Adawerenga mitima ya abambo okha

Amayi anga aang'ono adatisiya mu August 2016 ali ndi zaka 58. Adagwa kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, ndipo pamene galimoto imapezeka n'kuti atatsirizika kale. Pamaliro, monga mudziwa, sipasowa odziwa zonse. Ena ankanong'ona kuti awamenya hamala, ena ankaloza ndi milomo mayi wina wa kumsika amene adakangana naye za malo oyalapo tomato. Ine sindidayankhe kanthu. Maganizo anga adali pa masabata atatu amene adatsogolera tsikulo.

Masabata amenewo mayiwo ankangoti atopa. Munthu amene ankasenza dengu la tomato kuchokera pa siteji mpaka kumsika osatula, tsopano ndowa ya madzi ankapuma nayo kawiri. Usiku thukuta, m'mawa nseru, chibwano kuwawa ngati dzino, ndi kamoto kena pachifuwa kotulukira pakati pa mapewa. Adapita kuchipatala china kumene adauzidwa kuti n'chilungulira, nalandira mapiritsi otafuna oyera aja ndi panado. Palibe adawamanga lamba woyezera magazi pa mkono. Nditawaimbira lamya n'kutchula za mtima, adaseka.

"Mwananga, usandiopseze," adatero. "Matenda a mtima ndi a mabwana a mimba zawo. Ine wogulitsa tomato ndiwatenga kuti?"

Mnzanga wina wa zachipatala nditamufotokozera zonsezi maliro atatha, adangopukusa mutu n'kunena kuti zizindikirozo n'za mtsempha wa mtima umene ukutsekeka. Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza kumene amayi aang'ono adatenga mawu aja. Sadawapeke okha ayi. Mawuwo ali ndi mbiri, ndipo gwero lake lili m'mabuku a madotolo ophunzira kwambiri a kutsidya kwa nyanja.

Tiyambe ndi akufa, poti iwo sanama. M'chaka cha 2011, gulu la madotolo a ku Egypt ndi ku America lidalengeza zimene lidapeza litalowetsa mitembo 52 youmikidwa ya makedzana m'makina a CT, amene amajambula mkati mwa thupi osaling'amba. Umodzi mwa mitemboyo udali wa mwana wamkazi wa mfumu, dzina lake Ahmose-Meryet-Amon, yemwe adakhala ku Thebes zaka zoposa 1,500 Yesu asadabadwe ndipo adamwalira atangopitirirako zaka 40. Mitsempha imene imapititsa magazi ku mnofu wa mtima weniweniwo idapezeka itauma ndi kuphimbika, chimodzimodzi ya wodwala wa lero amene akudikira opareshoni. Madotolowo adati panthawiyo padalibe munthu wina wakale kuposa iyeyu wodziwika kuti adali ndi nthendayi. Mfumukazi yaing'onoyo siidalawepo fodya, siidakwerepo galimoto.

Wina ndi mayi wa ku China, Xin Zhui, mkazi wa nduna ya chigawo cha Dai, amene adamwalira zaka zoposa 160 Yesu asadabadwe, ali ndi zaka pafupifupi 50. Manda ake adafukulidwa mu 1972 ku Mawangdui, pafupi ndi mzinda wa Changsha, ndipo thupi lidapezeka lofewa, mfundo za manja ndi miyendo zikupindika ngati wamwalira dzana. Madotolo adalipima monga amapimira maliro a lero. M'mimba adapezamo nthanga 138 za chipatso chonga vwende, kusonyeza kuti adafa patangopita maola ochepa atadya. Mitsempha ya mtima idali yotsekeka kwambiri. Mayiyu adadya chipatso chake tsiku lina, ndipo patangopita maola ochepa mtima udaleka ntchito.

Mwaonatu awerengi, mitima iwiri mwa yakale kwambiri imene madotolo amaitchula pa nthendayi ndi ya amayi. Nanga zidatheka bwanji kuti kwa zaka 200 nthenda yomweyo izitchedwa ya amuna?

Munthu amene adayamba kulongosola bwino ululu wa pachifuwa wochokera ku mtima ndi William Heberden, dotolo wa mu London. Mu 1768 adaima pamaso pa madotolo anzake nafotokoza za anthu amene akamayenda, makamaka pokwera chitunda kapena atangodya kumene, amamva chifuwa chikufinyika ngati afa pomwepo, koma akangoima ululu uja umatha. Adautcha angina pectoris, dzina limene lilipobe mpaka lero. Luso lake palibe angalitsutse. Koma m'buku lake limene lidatuluka mu 1802, mwini wake atamwalira, mudalembedwa kuti mwa odwala pafupifupi 100 amene adawaona ndi vutoli, amayi adali atatu okha.

Atatu basi! Heberden sadaname, adalemba zimene adaona. Koma tadzifunsani kuti ndani ankagogoda pa chitseko cha dotolo wodula wa mu London masiku amenewo. Ankabwera amalonda, abusa a mipingo yaikulu, aphungu ndi akuluakulu a asilikali. Mayi wochapa zovala za eni analibe ya pakhomo pomwe. Amayi ambirimbiri ankafera pa uchembere asadafike msinkhu umene mitsempha imayamba kuuma. Chiwerengero cha chipinda chimodzi cha mu London chidasanduka chiphunzitso cha dziko lonse.

Amene adakhomera msomali ndi William Osler, dotolo amene mabuku ake adaphunzitsa mibadwo ya madotolo ku America ndi ku Britain. Pokamba za nthendayi ku London mu 1910, adajambula wodwala wake ngati bambo wamphamvu, wakhama, wofuna kukwera pa ntchito, amene injini yake siidziwa kupuma. Kwa amayi obwera ndi ululu wa pachifuwa adali ndi dzina lina, angina yabodza, imene ankati imachokera ku mantha ndi kutengeka maganizo. Apa ndi pamene nthenda ya mtima idavala tayi. Idakhala ngati mendulo ya munthu wotanganidwa, ndipo mkazi wodandaula chifuwa ankapatsidwa mankhwala ogonetsa n'kuuzidwa kuti akapume. Bwana wa mimba yake uja amene amayi aang'ono ankamutchula, ndi mdzukulu wa wodwala wa Osler.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, matenda a mtima adali atasanduka mliri ku America. Mu 1948 boma lidayamba kafukufuku m'tauni yaing'ono ya Framingham, ku Massachusetts, kumene anthu 5,209 adavomera kumapimidwa zaka ziwiri zilizonse moyo wawo wonse. Kafukufuku ameneyu ndiye adatsimikiza zimene lero mwana wa sukulu amaloweza: kuti kuthamanga kwa magazi, mafuta ochuluka m'magazi, fodya ndi shuga ndizo zimatsegulira khomo nthendayi. Kunena chilungamo, a Framingham sadawasiye amayi, pakuti oposa theka la anthuwo adali akazi. Chidavuta ndi kaweruzidwe. Zaka zoyambirira amene ankagwa ndi mtima adali amuna, chifukwa mwa amayi nthendayi imachedwerapo ndi zaka pafupifupi 10. Anthu adathamangira kunena kuti amayi ndi otetezedwa, pamene zoona zake zidali zakuti nthawi yawo idali isadakwane. Amayi a Framingham atakalamba, chiwerengero chidayamba kukwera, ndipo zidaonekanso kuti shuga amaononga mtima wa mkazi koposa wa mwamuna. Koma nkhani yoyamba ija idali itafika kale patali.

Mu September 1955 mtsogoleri wa dziko la America, Dwight Eisenhower, adadwala mtima ali ku Denver. Chodabwitsa n'chakuti naye poyamba zidalengezedwa kuti ndi m'mimba chabe, monga adauzidwira amayi aang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti iye tsiku lisadathe adali atajambulidwa mtima ndi kugonekedwa, ndipo adakhalanso ndi moyo zaka zina 13. Dziko lonse lidaona pa nyuzipepala nkhope ya nthenda ya mtima: bambo wachikulire, wadazi, wa udindo.

Tsono imvani ichi. Mu 1964, mumzinda wa Portland ku Oregon, mudachitika msonkhano woyamba wa amayi wokamba za matenda a mtima, wokonzedwa pansi pa bungwe la American Heart Association. Amayi zikwizikwi adasonkhana. Mutu wake udali Hearts and Husbands, kutanthauza mitima ndi amuna athu. Adaphunzitsidwa kaphikidwe kosamala mtima wa bambo, kuonetsetsa kuti bambo akupuma akaweruka, ndi kusawatopetsa ndi madandaulo a pakhomo. Za mitima imene inkagunda m'zifuwa za amayi odzaza holoyo sizidali pa ndondomeko. Ndikawerenga nkhaniyi ndimakumbuka malangizo a pa chinkhoswe ndi pa bridal shower kwathu kuno, kumene mtsikana amauzidwa za ndiwo za bambo, madzi osamba a bambo, malaya a bambo, osamva ndi liwu limodzi lomwe la thupi lake.

Ngakhale nkhani yotchuka ya ku Cape Town ili ndi kafungo komweko. Pa 3 December 1967, Christiaan Barnard adaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa chipatala cha Groote Schuur. Maina a dotolo ndi wodwala ambiri amawadziwa. Mtimawo udali wa mtsikana wa zaka 25, Denise Darvall, amene adagundidwa ndi galimoto. Koma izi ndangodutsamo.

Chimene chidaononga kwambiri chidadza ndi cholinga chabwino. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mankhwala otchedwa thalidomide, amene amayi oyembekezera ankamwa poletsa nseru, adachititsa kuti ana oposa 10,000 abadwe ndi manja kapena miyendo yosakwanira m'maiko ambiri. Mmodzi mwa amene adachenjeza America za ngoziyi adali Helen Taussig, dotolo wa mitima ya ana, yemwenso mu 1965 adakhala mayi woyamba kutsogolera American Heart Association. Mantha a thalidomide adakhalitsa, ndipo mu 1977 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, lidalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asamalowetsedwe m'magawo oyambirira oyesera mankhwala atsopano. Ankateteza mwana wosabadwa. Koma ofufuza ambiri adapezerapo mpata wosiyiratu amayi onse, ati matupi awo ndi ovuta kuwerengera chifukwa cha kusamba ndi mimba.

Zotsatira zake zikadakhala zoseketsa pakadapanda maliro. Kafukufuku wamkulu wofuna kuona ngati kusiya fodya, kusintha zakudya ndi kutsitsa magazi kumapulumutsa moyo adatenga anthu 12,866, onse amuna, ndipo dzina lake lachidule, MRFIT, anthu ankalitchula kuti Mr Fit. Wina wa aspirin, amene adayamba mu 1982, adatenga madotolo 22,071, onse amuna, napeza kuti kambewu kamodzi kakumwa modumphitsa tsiku kamachepetsa kwambiri kugwa ndi mtima. Ndipo m'zaka za m'ma 1960, ofufuza poganiza kuti mwina amayi amatetezedwa ndi estrogen, mchere wa m'thupi la mkazi umene umayendetsa kusamba, adaganiza zouyesa. Adauyesa mwa amuna okhaokha, mu kafukufuku wa Coronary Drug Project, mpaka adausiyira panjira ataona kuti ukuwapweteka. Mwamva bwino, mankhwala a thupi la mkazi, oyesedwa popanda mkazi ndi mmodzi yemwe.

Uku zikuchitika izi, kuyambira 1984 amayi omwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha ku America chaka chilichonse adayamba kuposa amuna, ndipo zidakhala choncho kwa zaka pafupifupi 30.

Amene adaswa mphika ndi Bernadine Healy, dotolo wa mtima yemwe mu 1991 adakhala mayi woyamba kutsogolera National Institutes of Health, bungwe limene limagawa ndalama za kafukufuku wa zaumoyo ku America. Chaka chomwecho mu magazini ya New England Journal of Medicine mudatuluka malipoti awiri osonyeza kuti mkazi wofika kuchipatala ndi vuto la mtima sankapimidwa mozama kapena kuchitidwa opareshoni monga mwamuna wa vuto lomwelo. Healy adalemba ndemanga naipatsa dzina la Yentl, mtsikana wa m'nthano ya Isaac Bashevis Singer amene adavala ngati mnyamata kuti aloledwe kuphunzira. Mfundo yake idali yakuti mkazi amathandizidwa pokhapokha atadwala ngati mwamuna. Adayambitsa Women's Health Initiative, kafukufuku wa amayi oposa 160,000 osiya kusamba, ndipo mu 1993 nyumba ya malamulo idalamula kuti kafukufuku wolipiridwa ndi bungwelo aziphatikiza amayi. Chaka chomwecho FDA idachotsa langizo lake la 1977.

Amayi atayamba kuwerengedwa, zikhulupiriro zidayamba kugwa. Kwa zaka zambiri madotolo ankapatsa amayi osiya kusamba mapiritsi a mahomoni poganiza kuti akuteteza mitima yawo. Mu July 2002 gawo lina la kafukufuku wa Healy, la amayi 16,608, lidaimitsidwa nthawi isadakwane chifukwa omwa estrogen pamodzi ndi progestin ankadwala mtima, kufa ziwalo ndi khansa ya m'mawere koposa anzawo. Mu 2005 aspirin uja atayesedwa mwa amayi 39,876, adapezeka kuti akuchepetsako kufa ziwalo, koma pa kugwa ndi mtima sadaonetse phindu limene adaonetsa mwa madotolo aamuna aja, kupatula mwa amayi a zaka 65 kupita m'tsogolo.

Lipoti limene lidandikhudza ine kwambiri ndi la namwino wofufuza, Jean McSweeney, la mu 2003. Iye adachita chinthu chapafupi chimene madotolo akuluakulu sadachiganize: adafunsa amayi 515 amene adapulumuka atagwa ndi mtima kuti afotokoze okha zimene adamva. Amayi 7 mwa 10 alionse adati kwa mwezi kapena kuposerapo ankamva kutopa kwachilendo. Ambiri adatchula kusowa tulo, kubanika, ndi kuvuta m'mimba ngati chakudya sichidagayike. Ndipo 43 mwa 100 alionse adati pa tsiku lenilenilo sadamve ululu wa pachifuwa. Pasakhale kusamvana apa: kufinyika pachifuwa ndicho chizindikiro chofala kwambiri ngakhale mwa amayi. Koma mkazi kawirikawiri amabwera ndi zina zambiri pambali, monga nseru, thukuta, chibwano, msana, ndipo womumvera akakhala wothamanga amatola chimodzi chopepuka n'kulemba mankhwala a chilungulira. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chimaimba ndithu, kungoti kamvekedwe kake sikadalembedwe m'buku.

Kuchokera apo kudabwera ntchito yodziwitsa anthu. Mu 2002 boma la America lidayamba kampeni ya The Heart Truth, imene chizindikiro chake chidakhala diresi lofiira, ndipo mu 2004 American Heart Association idayamba yake ya Go Red for Women. Lachisanu loyamba la February lidasankhidwa kukhala tsiku lovala zofiira. Zidathandiza. Mu 1997 amayi 30 okha mwa 100 alionse ku America ndiwo ankadziwa kuti mtima ndiwo ukupha amayi ambiri kuposa nthenda ina iliyonse, khansa ya m'mawere yomwe; pofika 2012 adali 56. Koma kafukufuku wa 2019 adapeza 44, ndipo kutsikako kudali kwakukulu mwa atsikana, mwa amayi akuda ndi a mtundu wa Hispanic. Chimene anthu aphunzira pa wailesi amathanso kuchiiwala. Mu 2021 gulu la akatswiri a magazini ya Lancet lidakumbutsa kuti pa imfa 100 zilizonse za amayi pa dziko lonse, 35 zimadza ndi matenda a mtima ndi mitsempha.

Mpaka pano ndakamba za kunja, koma amayi aang'ono sadafere ku Portland. Mkazi wa kuno adaphonyedwa kawiri, koyamba chifukwa ndi mkazi, kachiwiri chifukwa ndi wa mu Africa. Mu 1929 dotolo wina wachitsamunda, C. P. Donnison, adalemba mu Lancet kuti pa odwala pafupifupi 1,800 amene adawaona kumadzulo kwa Kenya, sadapeze ndi mmodzi yemwe wa kuthamanga kwa magazi. Adayezanso anthu athanzi 1,000, ndipo mwalota kale, onse adali amuna. N'kutheka kuti pa anthu a kumudzi a nthawi imeneyo, odya mchere wochepa ndi kuyenda mitunda, adanena zoona. Koma moyo udasintha, chiphunzitso chidatsala. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza adatsatira anthu a mtundu wa Luo ochoka kumudzi kupita ku Nairobi, napeza kuti magazi awo ayamba kukwera patangotha miyezi yochepa m'tauni.

Kwathu kuno kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009, wochitidwa ndi unduna wa zaumoyo mothandizana ndi WHO, adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Amuna adaposako amayi pa BP ndi pa fodya. Koma pa kunenepa amayi ndiwo adatsogola, ndipo kafukufuku wina wochitikira ku Karonga ndi ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti mwa amayi a m'tauni 44 mwa 100 alionse adali olemera mopitirira muyeso, pamene amuna adali 18. Ife timati mayi akusamalidwa bwino, banja lamuyanja.

Komatu diresi lofiira la ku New York tikangolivala osalisoka mwina, silitikwana. Kumeneko nkhani yaikulu ndi mitsempha yotsekeka ya amayi achikulire. Kuno mtima wa mkazi umaonongeka msanga ndiponso m'njira zina. Pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Karen Sliwa ndi anzake adalemba odwala mtima onse obwera mu 2006, ndipo mwa atsopano amayi adali pafupifupi 6 mwa 10 alionse, ambiri ali ndi mtima wofooka kaamba ka BP yosachizidwa kapena zitseko za mtima zoonongeka.

Zitseko zimenezi nkhani yake imayamba ndi zilonda zapakhosi za mwana wa sukulu, zija timangoti amwe madzi otentha a mandimu. Zina mwa zilondazo zimadza ndi kachilombo kotchedwa streptococcus, ndipo zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, thupi polimbana nako limalumanso mfundo za miyendo ndi tizitseko ta mkati mwa mtima. Mwana amachira, amakula, amakwatiwa. Akatenga pakati magazi m'thupi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo kachitseko kopanikizika kaja kamalephera kuwadutsitsa. Mtsikana amayamba kubanika, kugona chokhala, kutupa miyendo, achibale n'kumati ndi mmene imakhalira mimba. Kafukufuku wa REMEDY, wotsogozedwa ndi Liesl Zühlke ndi malemu Bongani Mayosi a ku Cape Town, adalemba odwala otere 3,343 m'maiko 14, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Lipoti la 2015 lidati awiri mwa atatu alionse adali akazi, theka la odwalawo adali osapitirira zaka 28, ndipo pafupifupi theka sankalandira jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi amene amaletsa nthendayi kukula. Ku Ulaya nthendayi idatsala pang'ono kutheratu kalekale. Msonkhano waukulu wa WHO udachita kufika 2018 kuti upange chigamulo chake pa nthendayi.

Palinso mtima umene umafooka mayi akangochira kapena miyezi yochepa pambuyo pake. Ku Zaria, kumpoto kwa Nigeria, madotolo Davidson ndi Parry adalemba za vutoli m'zaka za m'ma 1970, ataliona lochuluka modabwitsa pakati pa amayi a Chihausa. Mwambo kumeneko udali wakuti mayi wa mwana wakhanda azigona pa bedi la dothi losonkhezera moto pansi, azisamba madzi otentha kwambiri, ndi kumwa phala lothira kanwa, mchere wa m'nyanja zouma, kwa masiku 40. Anamwino a pamudzi ankachita izi mwa chikondi, kuti mayi abwerere mphamvu ndi kuti mkaka utuluke. Sindikuwaseka. Nafenso tili ndi zathu: soda wa mu therere ndi m'nyemba, timiyala tokometsera ndiwo ta m'sitolo, usipa wothira mchere kawiri, ndi kambale ka mchere pambali pa nsima. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza bwino, kuwerengera ndi wobisika m'buledi momwe. Ndipo amene amakhala maola ambiri mu utsi wa nkhuni ndi makala m'kakhitchini kopanda zenera, utsi umene umaononga mapapo ndi mitsempha yomwe, tonse tikumudziwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mayi wa ku Malawi si mlendo kuchipatala. Amapitako kuposa bambo: ku sikelo ya mimba, ku sikelo ya ana, kukadikirira odwala, kukatenga mankhwala a apongozi. Ali woyembekezera amayezedwa magazi pa mkono nthawi ndi nthawi. Akangosiya kubereka, lamba uja samuonanso, ngati kuti mtima wake unkafunika chifukwa cha mwana yekha. Chonsecho kuyezako sikutenga mphindi zisanu, ndipo mapiritsi otsitsa BP ndi ena mwa mankhwala otsika mtengo kwambiri. Madotolo lero akudziwa kuti mayi amene BP idamukwera ali ndi pakati, makamaka ija yotupitsa nkhope ndi miyendo imene amaitcha pre-eclampsia, amakhala pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri cha matenda a mtima m'tsogolo. Mu 2011 American Heart Association idaika zimenezi, pamodzi ndi shuga wa pa mimba, m'gulu la zinthu zoyenera kufunsa mayi aliyense. Mimba ndi mayeso amene mtima umalemba, ndipo zotsatira zake zimasungidwa m'kabati n'kuiwalika.

Tsiku logawa katundu wa malemu, m'thiranki la amayi aang'ono, pansi pa nsalu za Chimvano ndi makadi a ubatizo, tidapeza khadi la sikelo la mimba yawo yomaliza, la mu 1991, chaka chomwe Healy ankalemba za Yentl. Pa mzere wa mwezi wachisanu ndi chitatu namwino wina adalemba 160/105, nazunguliza ndi cholembera chofiira kawiri. Amayi anga akukumbuka kuti mng'ono wawoyo adatupa mpaka nsapato kukana, adagonekedwa sabata ziwiri, ndipo mwana adabadwa masiku asadakwane. Atatuluka adauzidwa kuti zatha. M'mabuku onse a kuchipatala amene tidapeza m'thirankimo, a malungo, a chifuwa, a dzino, a bondo, zaka 25 zathunthu, mudalibe nambala ina ya BP.

Mwana wobadwa mu 1991 uja ndi mchemwali wanga, tsopano mayi wa ana awiri, ndipo ndiye adatenga malo a tomato kumsika. Khadi lija ndidampatsa iye. Mwezi wathawu ndidamukakamiza kuti tipite limodzi akayezetse.

"Achimwene, inu ndi mabuku anuwo," adatero tili pa mzere. "Ine sindikumva paliponse kuwawa."

Makina adaonetsa 152/96. Namwino adamuuza kuti akhale phee kwa mphindi zingapo, nayezanso mkono winawo, ndipo nambala siidasinthe kwenikweni. Adamufunsa ngati mimba zake zidali ndi vuto, ndipo iye adatulutsa khadi la mayi ake m'chikwama m'malo mwa lake. Namwinoyo adaliyang'ana nthawi yaitali, kenaka adalemba tsiku loti abwerenso, Lachinayi la sabata ya mawa, m'mawa asadapite kukapikula tomato.